Kuphunzitsa Ana Kuganiza Asanayankhe: Phunziro Lochokera pa Masewero a Chesi a Byrne ndi Fischer

MAWU OYAMBA

Mphunzitsi aliyense amene waimapo kutsogolo kwa kalasi amamudziwa mwana wokweza mkono funso lisanathe. Mwana wotere si wopusa ayi, ndipo kawirikawiri amakhala wochangamuka koposa anzake. Koma pa mayeso amataya malikisi chifukwa amalemba yankho loyamba limene lamufikira m'mutu, osaliyesa ngati liri loona. Kungomuuza kuti "uziyamba waganiza" sikuthandiza kwenikweni, pakuti sitinamuonetse kuti kuganizako kumachitika motani.

M'nkhani ino tikupereka njira imodzi yoonetsera ana ntchito ya kuganiza. Titenga masewero amodzi a chesi amene anaseweredwa pa mpikisano weniweni, ndipo tiwagawa kuti akhale maphunziro atatu a mphindi 35 kapena 40. Tawakonzera ana a Sitandade 7 ndi 8 ndi a Fomu 1 amene akudziwa kale kayendedwe ka zida za chesi.

KUMENE MASEWEROWA ANACHITIKIRA

Pa 17 Okutobala 1956, mu mzinda wa New York ku America, pa malo otchedwa Marshall Chess Club, panakumana osewera awiri pa mpikisano wa chikho cha Rosenwald. Mpikisanowu unali wa anthu 12 oitanidwa okhaokha. Amene anali ndi zida zoyera anali Donald Byrne, wa zaka 26, mmodzi mwa akatswiri a dzikolo, yemwe anali atapambana kale mpikisano wa U.S. Open mu 1953. Wa zida zakuda anali Bobby Fischer, mnyamata wa zaka 13, amene m'chaka chomwecho anapambana mpikisano wa achinyamata a dziko lonse la America.

Mnyamatayo ndiye anapambana, ndipo kapambanidwe kake kanali kozizwitsa kotero kuti Hans Kmoch, polemba m'magazini ya Chess Review, anawatcha masewero oposa onse a m'zaka 100 zimenezo. Komabe ana tiwauze zoona zonse: pa mpikisano wonsewo Fischer sanachite bwino. Anapeza mapointi 4½ pa masewero 11, ndipo chikho anatenga ndi Samuel Reshevsky. Ukatswiri wa dziko lonse lapansi Fischer anautenga patapita zaka 16, mu 1972, pamene anagonjetsa Boris Spassky ku Reykjavik.

NAMBALA YA WOSEWERA

Wosewera wa pa mpikisano amakhala ndi nambala yosonyeza mphamvu zake, imene amaitcha rating. M'nthawi ya masewero athuwa ku America ankatsata njira ya Kenneth Harkness. Mu 1960 anayamba kutsata njira ya Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Marquette, ndipo bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse la FIDE linailandira njirayi mu 1970.

Njira ya Elo imatero: ngati wosewera aposa mnzake ndi mapointi 200, tiyembekeza kuti pa masewero 100 adzapeza pafupifupi 76, mnzakeyo 24. Akamuposa ndi 400, tiyembekeza pafupifupi 91 kwa 9. Taonani kuti wochepayo sapatsidwa ziro. Nambalayo inena za masewero ambiri apitawo, koma sinena amene apambane lero. Ife aphunzitsi tiri ndi manambala athu, ndiwo malikisi a m'rejisitala, ndipo nkwapafupi kuwasandutsa chiweruzo cha moyo wonse wa mwana. Wokhala nambala 40 pa mayeso a teremu yatha tingaleke kumufunsa mafunso ovuta, tikumati sangathe. M'maphunziro atatuwa tiyesetse kuloza ana otere poyamba.

ZIPANGIZO

Sitifunika kugula kanthu. Pa katoni tijambule bolodi la masentimita 40 mbali zonse, ndi kuligawa m'timabokosi 64 ta masentimita 5. Kabokosi ka pa ngodya ya kudzanja lamanja la wosewera aliyense kakhale koyera. M'munsi tilembe malembo a mpaka h, m'mbali manambala 1 mpaka 8, kuyambira kumene kuli zoyera. Zida 32 tingazipange ndi zitsekerero za mabotolo, ndi kumatapo timapepala ta malembo. Gulu liri lonse la ana asanu ndi mmodzi likhale ndi bolodi lake, ndipo mphunzitsi ajambule lalikulu pa bolodi la m'kalasi kuti onse aone.

Polemba masewero timatsata malembo a mayina a Chingerezi. K ndi mfumu, Q ndi mfumukazi, B ndi bishopu, N ndi kavalo, ndipo R ndi chida chooneka ngati nsanja, chimene osewera amachitcha rook. Ife tizichitcha nsanja. Tizida ting'onoting'ono ta kutsogolo, ta dzina loti pawn, tizititcha asilikali, ndipo tiribe lembo. Chizindikiro x chitanthauza kudya, + chitanthauza cheki, ndipo 0-0 ndiko kubisa mfumu pa ngodya kuseri kwa asilikali ake.

PHUNZIRO LOYAMBA: M'MERA MPOYAMBA

Cholinga: ana athe kufotokoza kuipa kosuntha chida chimodzimodzi kawirikawiri, zina ziri gone.

Tiwerenge masewero pang'onopang'ono, magulu akusuntha zida pa mabolodi ao:

1. Nf3 Nf6 2. c4 g6 3. Nc3 Bg7 4. d4 0-0 5. Bf4 d5 6. Qb3 dxc4 7. Qxc4 c6 8. e4 Nbd7 9. Rd1 Nb6 10. Qc5 Bg4 11. Bg5

Chiyambi chotere chimatchedwa ndi dzina la Ernst Grünfeld wa ku Austria. Wa zakuda amalola mnzake kudzaza asilikali pakati pa bolodi, kuti pambuyo pake adzawaukire kuchokera m'mbali.

Apa tiime. Tisafotokoze kanthu, koma tifunse mafunso owerenga, amene mwana aliyense angayankhe poyang'ana pepala. Kodi mfumukazi yoyera yasuntha kangati? Katatu. Nanga bishopu amene ali pa g5? Kawiri. Nanga bishopu wa pa f1? Sanasunthe nkomwe. Mfumu yakuda inabisala liti? Pa kusuntha kwa nambala 4. Nanga yoyera? Ikadali pakati pa e1, ndipo siingabisale chifukwa bishopu wa pa f1 watseka njira.

Ana akayankha okha mafunsowa aona kuti Byrne, ngakhale ali ndi asilikali awiri okongola pa d4 ndi e4, nyumba yake iri ndi chitseko chosatseka. Akatswiri amagwirizana kuti 11. Bg5 ndipo panalakwika. Akanasuntha 11. Be2 ndi kubisa mfumu, zinthu zikanamuyendera bwino.

Tsopano tipatse magulu mphindi 10 kuti apeze chimene wa zakuda angachite. Lamulo likhale lakuti palibe wokhudza chida. Aliyense alembe maganizo ake m'kope, pamodzi ndi yankho limene akuganiza kuti mdani angapereke. Pambuyo pake tionetse chimene Fischer anachita:

11... Na4

Ana adzadabwa, pakuti kavaloyo waikidwa pamene kavalo woyera wa pa c3 angamudye kwaulere. Tiwafunse: kodi kavalo wa pa c3 ali ndi ntchito yanji? Akuteteza msilikali wa pa e4. Akachoka kukadya pa a4, kavalo wina wakuda adya pa e4, ndipo ali pomwepo aopseza mfumukazi ya pa c5 ndi bishopu wa pa g5 nthawi imodzi. Byrne anaiona nyamboyo ndipo sanaidye. Phunziro tilitsirize pamenepa, ana apite kwao ali ndi funso lakuti: chida chiri chonse chisanachoke pamalo pake, chinali kugwira ntchito yanji?

PHUNZIRO LACHIWIRI: KUONA MASO A NKHONO NKUDEKHA

Cholinga: ana athe kuyesa mayankho atatu a funso limodzi, ndi kutsata liri lonse mpaka pothera.

12. Qa3 Nxc3 13. bxc3 Nxe4 14. Bxe7 Qb6 15. Bc4 Nxc3 16. Bc5 Rfe8+ 17. Kf1

Pa nambala 14 bishopu woyera anaopseza mfumukazi ndi nsanja pamodzi, koma Byrne sanadye nsanjayo, poona kuti mfumu yake ikadali poyera. Pa nambala 15 Fischer anaikanso kavalo podyedwa. Tifunse ana chifukwa chake mfumukazi yoyera sinamudye. Yankho nlakuti pakanatsatira Rfe8, ndipo bishopu wa pa e7 sakanatha kuthawa, pakuti kuseri kwake kuli mfumu yake. Pa nambala 17 mfumu yoyera yasuntha, motero mwai wobisala pa ngodya watha.

Tsono tiyang'ane bolodi bwino. Mfumukazi yakuda ya pa b6 iri pakamwa pa bishopu wa pa c5. Kavalo wakuda wa pa c3 ali pakamwa pa mfumukazi yoyera. Tikafunsa kalasi chochita, pafupifupi onse adzati mfumukazi ithawe. Limeneli ndilo yankho loyamba lofika m'mutu, ndipo ndi pano pamene pagona phunziro lathu lonse. Tiwalole aliyese, aone kuti mfumukazi ikangothawa popanda cholinga, kavalo uja atsala pangozi. Kenaka tilembe pa bolodi:

17... Be6

Mnyamatayo anaisiya mfumukazi pomwepo, nabweza bishopu m'mbuyo. Kalasi tiligawe patatu, ndipo chigawo chiri chonse chifufuze yankho limodzi la wa zoyera.

Chigawo choyamba chiyese 18. Bxe6. Bishopu akachoka pa c4, mzere wochokera pa b5 kufika pa f1 utseguka. Patsatira 18... Qb5+ 19. Kg1 Ne2+ 20. Kf1 Ng3+. Apa cheki ikuchokera kuwiri, kwa kavalo ndi kwa mfumukazi, choncho mfumu iyenera kusuntha basi. Ikapita pa e1, mfumukazi ifika pa e2 ndipo masewero atha. Ikabwerera pa g1, patsatira 21... Qf1+ 22. Rxf1 Ne2, ndipo mfumu ifa itapanikizidwa ndi zida zake zomwe: nsanja uku ndi uku, asilikali atatu kutsogolo.

Chigawo chachiwiri chiyese 18. Qxc3. Wa zakuda ayankha 18... Qxc5, pakuti msilikali wa pa d4 akadya mfumukaziyo atsegulira njira bishopu wa pa g7, amene nayenso adya mfumukazi yoyera pa c3. Akatha kudyerana mabishopu pa e6, wa zakuda atsala ndi msilikali mmodzi woposa.

Chigawo chachitatu chiyese kudya mfumukazi, 18. Bxb6, ndipo ichi ndicho Byrne anasankha. Gulu liri lonse litume mwana mmodzi kukafotokoza kutsogolo, ena akufunsa. Mphunzitsi asafulumire kukonza cholakwa, afunse kuti, "Nanga mdani akayankha chakuti, muchita chiyani?" Atatha malipoti onse tionetse zimene zinachitika:

18. Bxb6 Bxc4+ 19. Kg1 Ne2+ 20. Kf1 Nxd4+ 21. Kg1 Ne2+ 22. Kf1 Nc3+ 23. Kg1 axb6 24. Qb4 Ra4 25. Qxb6 Nxd1

Taonani mgwirizano wa kavalo ndi bishopu. Kavalo akaima pa e2 apereka cheki, ndipo mfumu ipita pa f1. Akachokapo, bishopu wa pa c4 ndiye apereka cheki, ndipo mfumu ibwerera pa g1. Pa ulendo uli wonse kavaloyo ali ndi ufulu wopita kumene afuna, chifukwa mdani ali wotanganidwa ndi kupulumutsa mfumu. Motero anadya msilikali wa pa d4, nabwerera pa c3 kukaopseza nsanja, Byrne osapeza mpata wochita kanthu. Ana odziwa bawo sadzavutika kumvetsa, pakuti nakonso wosewera wabwino amawerenga maenje mpaka kumene dzanja lake likathere asanatole nkhomo.

PHUNZIRO LACHITATU: KUWERENGA PHINDU

Cholinga: ana agwiritse ntchito masamu poweruza ngati kusinthana kwapindula.

Mwa chizolowezi msilikali amawerengedwa 1, kavalo 3, bishopu 3, nsanja 5, mfumukazi 9. Ana awerenge zida zotsala pa bolodi pambuyo pa nambala 25. Wa zoyera ali ndi mfumukazi, nsanja imodzi, kavalo mmodzi ndi asilikali anayi: 9 + 5 + 3 + 4 = 21. Wa zakuda ali ndi nsanja ziwiri, mabishopu awiri, kavalo mmodzi ndi asilikali asanu: 10 + 6 + 3 + 5 = 24. Ndiye kuti pa mfumukazi ya 9 Fischer analandira nsanja, mabishopu awiri ndi msilikali, zonse pamodzi 12. Chimene chinaoneka ngati kutaya chinali malonda owerengedwa bwino. Titsirize masewero:

26. h3 Rxa2 27. Kh2 Nxf2 28. Re1 Rxe1 29. Qd8+ Bf8 30. Nxe1 Bd5 31. Nf3 Ne4 32. Qb8 b5 33. h4 h5 34. Ne5 Kg7 35. Kg1 Bc5+ 36. Kf1 Ng3+ 37. Ke1 Bb4+ 38. Kd1 Bb3+ 39. Kc1 Ne2+ 40. Kb1 Nc3+ 41. Kc1 Rc2 chekimeti.

Pali zinthu ziwiri zoti ana azipeze okha. Choyamba, nsanja yoyera ya pa h1 inasuntha koyamba pa nambala 28, ndipo inadyedwa nthawi yomweyo. Mtengo wake unali 5 pa pepala, koma ntchito sinagwire. Chachiwiri, kuyambira pa nambala 32 mfumukazi yoyera inangokhala pa b8 mpaka mapeto, osapeza chodya, chifukwa zida zakuda zinali zotetezana. Zida zinayi zogwirizana zinayendetsa mfumu yoyera kuchokera pa g1 kufika pa c1. Apa ana aphunzire kuti nambala itithandiza kuweruza, koma tiyeneranso kuyang'ana ngati chinthucho chikugwira ntchito.

Kwa a Fomu 1 tingaonjeze funso la njira ya Elo. Wosewera wa nambala 1600 akumana ndi wa 1800. Chiyembekezo chake ndi 0.24. Akapambana apeza 1, ndipo kusiyana kwake ndi 0.76. Pa malamulo a FIDE osewera ambiri achikulire amachulukitsa kusiyanako ndi 20, choncho nambala yake ikwera ndi 15. Nanga akalephera itsika ndi zingati? Ana apeze okha kuti ndi pafupifupi 5, ndipo afotokoze chifukwa chake kugonja kwa wamphamvu kumamudya zambiri kuposa kugonja kwa wochepa.

ZOYENERA KUSAMALA

Choyamba, tisalonjeze makolo kapena mphunzitsi wamkulu kuti chesi ikweza malikisi a masamu. Mu 2016 bungwe la Education Endowment Foundation linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'masukulu 100 a pulaimale ku England, ndipo silinapeze umboni wakuti ana ophunzira chesi anaposa anzao pa mayeso a masamu. Luso silidumpha lokha kuchoka pa bolodi kupita m'kope. Mlatho wake ndi mphunzitsi. Ngati pa chesi tazoloweza ana kufunsa kuti "nanga mdani ayankha chiyani?", pa masamu tifunse kuti "nanga yankholi tikalibweza m'funso, likwana?" Pa chimangirizo tifunse kuti "nanga wotsutsa mfundoyi anganene chiyani?" Mawu ake akhale ofanana, kuti mwana azindikire kuti ntchito yake ndi imodzi.

Chachiwiri, ana akaona masewero otere amayamba kutaya mfumukazi mwachisawawa pofuna kutchuka. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tiwakumbutse kuti Fischer anapereka mfumukazi atawerenga mayankho onse atatu, ndipo lamulo la m'kalasi likhale lakuti wopereka chida ayambe walemba chimene adzalandire.

Chachitatu, tisamunyoze wogonja. Byrne anali katswiri, ndipo anazemba misampha ingapo imene ambiri a ife tikanagweramo. Anasewerabe mpaka chekimeti, ngakhale akatswiri amakonda kuvomera kugonja msanga zinthu zikaipa. Mwana wolakwitsa kutsogolo kwa anzake ayamikiridwe chifukwa cha mbali imene anaiona bwino, kenaka afunsidwe pamene kuwerenga kwake kunaimira.

Chachinayi, m'magulu anyamata olongolola amakonda kulanda bolodi. Tisinthe wosuntha zida pa mphindi zisanu ziri zonse, ndipo atsikana apatsidwe mpata wofotokoza kutsogolo mofanana ndi anyamata. Malamulo awiri a pa mpikisano atithandiza kusunga bata: chida chimene wakhudza uyenera kuchisuntha, ndipo kusuntha kuli konse kulembedwe.

Potsiriza, ana asaganize kuti masewerowa ndi a maiko akutali okha. Amon Simutowe wa ku Zambia analandira udindo wa grandmaster mu 2009, ndipo kuno kwathu bungwe la Chess Association of Malawi limakonza mipikisano.

NTCHITO YA OPHUNZIRA UPHUNZITSI

1. Sewerani masewero onse pa bolodi kawiri musanalowe m'kalasi. Pa nambala 11, 15 ndi 17 lembani mayankho olakwa amene mukuganiza kuti ana angapereke, ndi funso limene mungafunse pa liri lonse.

2. Lembani chikonzero cha phunziro lachiwiri cha kalasi la ana 60 lokhala ndi mabolodi 10. Sonyezani mphindi za gawo liri lonse ndi ntchito ya mwana aliyense m'gulu.

3. Sankhani funso limodzi la masamu a Sitandade 7 limene yankho lake loyamba kufika m'mutu limakhala lolakwa. Fotokozani m'mene mungaliphunzitsire potsata njira ya magulu atatu.

4. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, pemphani mnzanu akhale kumbuyo kwa kalasi ndi wotchi, ayese masekondi amene mumadikira kuchokera pofunsa funso kufikira poloza mwana. Pa phunziro lotsatira dikirani nthawi yowirikiza kawiri, ndipo mulembe mayina a ana amene akweza mkono koyamba. Zimene mwapeza mudzakambirane ndi aphunzitsi anu a ku koleji mukabwerako.